Ufa subwerera kukhala chimanga, nanga mwana wanga walakwa pati?

Funso: Ndili ndi chigayo ku Luchenza. Mwana wanga wamkazi ali Fomu 1. Pa mayeso a m'kalasi anafunsidwa ngati kugaya chimanga ndi physical change kapena chemical change. Iye analemba kuti ndi chemical change, chifukwa m'kope mwake muli mawu akuti kusintha kosabwezeka ndi chemical change. Aphunzitsi anati walakwa. Ine ndagaya chimanga zaka zambiri, koma sindinaonepo ufa ukubwerera kukhala chimanga. Walakwa ndani, mwana kapena aphunzitsi?

Yankho: Zikomo bambo. Aphunzitsi sanalakwitse, kugaya chimanga ndi physical change. Koma mwanayo musamukalipire, chifukwa mutu wake unagwira ntchito bwino lomwe. Anatenga lamulo limene anapatsidwa, n'kuliyeza ndi zimene amaona kuchigayo kwanu tsiku ndi tsiku, ndipo lamulolo ndi limene linamusocheretsa. Inenso ndivomere mlandu. Pamene ndinkaphunzitsa Chemistry ndinalemba lamulo lomweli pa bolodi kwa zaka zingapo, poti ndi lalifupi ndipo ana amaloweza msanga. Ndinalisiya tsiku limene mnyamata wina anang'amba pepala pamaso panga n'kundiuza kuti ndilibweze.

Funso loyenera kufunsa si lakuti kodi chinthuchi chingabwerere mwakale. Funso lake ndi ili: kodi pabadwa chinthu chatsopano, chimene poyamba panalibe? Ngati chinthu chili chomwecho, changosintha kukula, kaonekedwe, kapena chachoka pa kulimba n'kukhala chamadzimadzi kapena mpweya, imeneyo ndiyo physical change. Ngati chakale chija chatha ndipo m'malo mwake mwalowa china cha khalidwe lina, imeneyo ndiyo chemical change.

Tiyeni tilowe m'chigayo mwanu momwemo. Gawo lalikulu la njere ya chimanga ndi sitachi, kuphatikizapo mapuloteni, mafuta pang'ono ndi gaga. Nyundo za chigayo zikamamenya njere, zimangoiphwanya kufikira tizidutswa titachepa mokwanira kudutsa pa sefa. Sitachi imene inalowa pamwamba ndi imene yatuluka pansi. Nkhuku ikadya njere ndi nkhuku ikadya mgaiwa, zonse zadya chakudya chimodzi. Tsopano tapani ufa womwewo dzanja limodzi muuthire pamoto. Udzanunkha, udzada, udzayaka, patsale phulusa. Phulusa limenelo ngakhale nkhuku yanjala silijompha, ndipo simungaphikire phala. Sitachi yatha, m'malo mwake mwabadwa mpweya wa carbon dioxide, nthunzi ya madzi, utsi ndi phulusa. Ufa wogayidwa subwerera, ufa wopserera subwerera, koma zimene zachitikazo n'zosiyana kutalitali.

Kuti zimveke mpaka pansi, tiyenera kunena za maatomu. Chinthu chilichonse chinapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso totchedwa maatomu, ndipo nthawi zambiri maatomuwo amagwirana m'timagulu totchedwa mamolekyulu. Ana a m'kalasi mwanga ndinkawauza kuti aziganiza za mabanja. Banja la madzi lili ndi anthu atatu: maatomu awiri a haidrojeni ndi imodzi ya okosijeni, n'chifukwa chake amalemba H2O. Mabanja angathe kuthithikana mu minibasi osatha n'kutembenuka komwe, angathe kuyendayenda pamsika wa Luchenza akukhudzana mapewa, angathenso kumwazikana aliyense kwawo. Koma banja lililonse likadali lomwe lija, mwamuna yemweyo, mkazi yemweyo. Madzi oundana a mu fuliji, madzi a mu Thuchila, ndi nkhungu ya chiperoni imene imaphimba phiri la Mulanje m'mwezi wa June, zonsezi ndi mabanja omwewo a H2O, kusiyana kwake ndi kakhalidwe ndi kayendedwe ka mabanjawo basi. Ngakhale mutakwera pa Sapitwa, mamita 3,002 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene madzi amawira pa madigiri pafupifupi 90 m'malo mwa 100 chifukwa mpweya wa kumeneko ndi wopepuka, nthunzi yotuluka mu ketulo ndi madzi omwewo.

Mu chemical change mabanja amatha. Anthu asudzulana, akwatirana ndi ena, pabadwa mabanja atsopano a mayina ena ndi makhalidwe ena. Palibe wamwalira, palibe wabwera kuchokera kunja, koma mudziwo suli monga unalili.

Tsono lamulo la m'kope lija limagwa mbali zonse ziwiri. Zilipo physical change zambiri zosabwezeka: ufa wanu, botolo losweka, mtengo wa mkungudza wochekedwa matabwa, tsitsi lometa. Zilipo chemical change zobwezeka. Batire la galimoto pamene likuliza wailesi, mtovu ndi asidi za m'kati mwake zimasanduka zinthu zina, ndipo mukalitchaja zimabwerera mwakale. Batire la foni yanu limachita zofanana nazo tsiku lililonse. Chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri ndi laimu wopaka nyumba. Amayamba ngati mwala, calcium carbonate. Akauwotcha pa moto wa madigiri pafupifupi 900, mpweya wa carbon dioxide umathawamo, moti pa makilogalamu 100 a mwala wabwino pamatsala makilogalamu 56 okha a chinthu china choyera, 44 apita m'mwamba. Choyeracho mukachithira madzi chimatentha n'kufuka nthunzi, chasandukanso china, amene ndi laimu wosungunula mu ndowa uja. Mukapaka pa khoma, amayamba kumwa carbon dioxide wa mumpweya pang'onopang'ono, ndipo pakapita masiku khoma lanu lavala calcium carbonate, mwala womwe uja unawotchedwa. Kusintha kutatu, konse chemical change, ndipo tabwerera pamene tinayambira.

Popeza muli ku Thyolo, sukulu yabwino koposa ya phunziro limeneli muli nayo pakhomo, ndiyo fakitale ya tiyi. Tiyi wakhala akulimidwa ku Mulanje kuyambira m'zaka za m'ma 1890, ndipo ku Mimosa kuli malo ofufuzira za mbewuyi, koma ana ambiri a anthu othyola tiyi amaloweza zitsanzo za m'mabuku osadziwa kuti makolo awo amasenza Chemistry pamsana.

Kuthyola masamba awiri ndi kansonga, kuponya mu dengu, kukweza pa sikelo: tsamba likadali tsamba. Kufakitale amayala masambawo m'zimphika zazitali n'kumapemerera mpweya pansi pake usiku wonse kuti afote. Chachikulu chimene chikuchitika apa ndi madzi kuuluka, physical change, ngakhale kuti m'kati mwa tsamba zina zimakhala zayamba kale kusintha, n'chifukwa chake fungo la m'chipindamo limasiyana ndi la kumunda. Kenako masamba ofota aja amalowa m'makina a CTC, amene amawaphwanya, kuwang'amba ndi kuwapota. Makinawa ndi abale ake a chigayo chanu, ntchito yawo ndi kuphwanya basi. Zotuluka pamenepo zimakhala zobiriwirabe.

Koma kuphwanyako kumatsegula khomo. M'tsamba la tiyi muli mankhwala achilengedwe otchedwa catechins, ndiponso muli enzaimu, chothandizira kuti zinthu zisinthe msanga. Tsamba likakhala lamoyo, ziwirizi zimakhala m'zipinda zosiyana, sizikumana. Makina akagumula zipupa za zipindazo zimasakanikirana, okosijeni wa mumpweya n'kulowererapo. Mukaima pamenepo ola limodzi kapena kupitirirako, mudzaona ndi maso anu zobiriwira zija zikufiirira mpaka kukhala ngati mkuwa, fungo la udzu likutha, fungo la tiyi likubwera. Ma catechins aja asanduka theaflavins ndi thearubigins, zinthu zimene m'munda munalibe. Zimenezi ndi zimene zimapatsa tiyi wathu mtundu wofiira uja umene ogula amaufuna. Anthu a m'fakitale gawo limeneli amalitcha fermentation, dzina lakalekale lolakwika, chifukwa mulibe yisiti kapena tizilombo tofufumitsa, ndi okosijeni chabe akugwira ntchito. Pomaliza tiyi amalowa mu chowumitsira cha mpweya wotentha. Madzi otsala amauluka, ndipo kutenthako kumaononga enzaimu ija kuti kusintha kuimire pomwepo. Kapitawo akachedwetsa tiyi asanalowe mu chowumitsira, tiyi amatuluka wakuda wopanda ukali. Akafulumira, amatuluka wowawa ngati tsamba laliwisi. Tiyi wobiriwira amene ena amamwa amachokera ku chitsamba chomwecho, kungoti masamba ake amawatenthetsa poyambirira penipeni kuti enzaimu ife isanagwire ntchito.

Taonani bwino apa, bambo. Pamafunika makilogalamu oposa 4 a masamba aawisi kuti papezeke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma. Kutsika kwakukulu kwa sikelo kumeneku kwabwera ndi physical change, madzi kuuluka. Chemical change, imene yasandutsa tsamba kukhala tiyi, pa sikelo sioneka n'komwe. Kusintha kochititsa chidwi m'maso si nthawi zonse kumene kuli kozama.

M'kope mwa mwana wanu muyenera kuti mulinso zizindikiro za chemical change: mtundu kusintha, thovu kutuluka, kutentha kapena kuzizira, fungo latsopano, kuwala. Zizindikirozi n'zothandiza, koma muzitenge ngati mboni za pabwalo la amfumu, zina zimanena zoona, zina zimanama. Amayi akathira soda m'madzi a mandimu, thovu limene limatuluka ndi carbon dioxide wobadwa pomwepo, chemical change. Mukatsegula botolo la Fanta thovu limatulukanso, koma mpweya umenewo unaikidwamo kale kufakitale, wangopeza potulukira. Madzi akamawira pamoto amachita thovu, koma ndi nthunzi ya madzi omwewo. Sungunulani feteleza wa Urea m'kapu ya madzi mugwire kapuyo, mudzamva kuzizira m'manja, komabe madzi akauma feteleza wanu mumupeza ali yemweyo. Mkaka ukathiridwa mu tiyi mtundu umasintha chifukwa zangosakanikirana. Ndimu ikafinyiridwa mu tiyi wopanda mkaka mtundu umayera, ndipo apa asidi wagwiradi ntchito pa ma thearubigins aja. Zizindikiro zimakuuzani pamene muyenera kuyang'anitsitsa, sizigamula mlandu.

Kandulo ndiyo imagwetsa ana ambiri pa mayeso, chifukwa imachita ziwiri nthawi imodzi. Phula losungunuka limene limatsika m'mbali n'kuumanso pa mbale ndi physical change, mutha kulitola n'kuumbanso kandulo ina. Phula limene lakwera pa chingwe n'kuyaka lasanduka carbon dioxide ndi madzi. Vundikirani tambula youma pamwamba pa lawi kwa kanthawi, mudzaona m'kati mwake mwachita chinyezi. Madzi amenewo abadwa m'moto.

Pano wina angafunse kuti kandulo yatha, mtolo wa nkhuni wasanduka phulusa lodzaza chikho chimodzi, nanga si ndiye kuti zinthu zasowa? Funso limeneli linazunguza anthu ophunzira kwa zaka mazanamazana. Amene analimasula bwino ndi Antoine Lavoisier wa ku France, amene ankatenthetsa zinthu m'mabotolo otseka n'kumaziyeza pa sikelo asanayambe ndi atamaliza. Anapeza kuti kulemera sikusintha ngati palibe chotuluka kapena cholowa, ndipo anazilemba m'buku lake la mu 1789. Patangopita zaka zisanu, mu 1794, anamudula mutu pa nthawi ya chipolowe cha ndale m'dzikomo, osati chifukwa cha sayansi koma chifukwa anali m'gulu la otolera misonkho. Zimene anapeza zikadalipo: nkhuni zanu sizinasowe, zambiri zakwera m'mwamba ngati mpweya. Mbali inayo ndi dzimbiri. Khasu losiyidwa pamvula limachita dzimbiri chifukwa chitsulo chakwatirana ndi okosijeni mothandizidwa ndi madzi, ndipo mukanatha kutola dzimbiri lonse osataya n'kamodzi komwe, likanalemera kuposa chitsulo chimene chadyekacho. Kuno kwathu kwa mvula yambiri ndi nkhungu, malata akangokalika n'kuchoka zinki wa pamwamba, dzimbiri silichedwa.

Njerwa sindichedwapo, poti aliyense amazidziwa. Chidina chouma padzuwa chikanyowa chimabwerera kukhala matope. Njerwa yotuluka mu uvuni ingagone m'madzi chaka chonse, singabwerere, chifukwa moto wachotsa madzi amene anali omangika m'kati mwa dothi lenilenilo ndipo dongo lasanduka chinthu china. Apa lamulo la m'kope lija lalondola, ndipo kulondola kwake m'zitsanzo ngati zimenezi n'kumene kumalisunga m'mabuku.

Tibwerere ku ntchito yanu, chifukwa muli Chemistry yambiri kuposa mmene mukuganizira. Mayi akabwera kudzakonoletsa, mukulekanitsa mphale ndi madeya, palibe chatsopano. Koma akapita nayo mphaleyo kunyumba n'kuiviika mu ndowa masiku atatu kapena anayi, madzi aja amayamba kuchita thovu ndi kununkha chowawasa. Tizilombo tosaoneka ndi maso tadya gawo lina la sitachi ndi shuga n'kutulutsa asidi, wa mtundu womwewo umene umasasitsa chambiko. Imeneyo ndi chemical change, ndipo yachitikira mu ndowa, osati m'chigayo. Choncho ufa woyera umene mumagaya wadutsa njira zonse ziwiri, pamene mgaiwa wadutsa imodzi yokha. Amene amati nsima ya ufa woyera imamveka mosiyana m'kamwa sanama. Ndipo ngati chigayo chanu ndi cha dizilo, ndiye kuti pansi pa denga limodzi muli zonse: kutsogolo chimanga chikuphwanyika, kumbuyo dizilo akuyaka n'kusanduka utsi.

Chimera nachonso n'chimodzimodzi. Mawere kapena chimanga chikamera, njere imatulutsa enzaimu yodula sitachi kuti ikhale shuga. Amayi akathira ufa wa chimera m'phala lofunda, phala lolimba lija limasungunuka n'kuyamba kutsekemera popanda wothiramo shuga. Ndilo thobwa. Likagona masiku, yisiti imadya shuga uja n'kutulutsa mowa ndi carbon dioxide, n'chifukwa chake chigubu chimafufuma. Zonsezi ndi chemical change. Koma kutcheza kachasu, ngakhale pali moto, utsi ndi fungo, ndi physical change. Mowa unabadwa kale mu mgolo. Umawira pa madigiri pafupifupi 78, madzi pa 100, ndiye wotcheza amangouthamangitsa kuti utsogole ngati nthunzi, uzizire mu paipi, udonthere m'botolo. Sindikulimbikitsa malondawo ayi, ndangobwereka chitsanzo.

Nthochi za kwanu, zimene zinapulumuka matenda a chisaka, zimaphunzitsa zomwezo. Yaiwisi ili ndi sitachi yambiri, n'chifukwa chake timaiphika ngati mbatata. Ikapsa sitachi yasanduka shuga, khungu lasintha mtundu, fungo labwera.

Ndisakubisireni, malire a mitundu iwiriyi si mpanda wa njerwa. Mchere ukasungunuka m'madzi, tizigawo take ta sodium ndi chloride timalekana n'kuzunguliridwa ndi madzi, ndipo akatswiri ena amatsutsana ngati kumeneko n'kungosakanikirana chabe. Pa mayeso a JCE kapena MSCE mwana alembe physical change, chifukwa madzi akauma mchere umatsala uli womwewo. Nsima nayo ili pa malire. Ufa ukalowa m'madzi otentha timibulu ta sitachi timamwa madzi, timatupa, timaphulika n'kugwirana, ndiye phala limalimba. Sitachiyo sinasanduke chinthu china, ngakhale kuti mapuloteni ake apindika ndi moto. Mabuku ambiri a sukulu amaika kuphika konse m'gulu la chemical change, ndipo pa dzira lowiritsa kapena nyama yootcha ndimagwirizana nawo. Pa nsima ine ndimati mbali yaikulu ndi physical change, kupatula nkhoko zofiirira za pansi pa mphika, zimene moto wazisandutsadi. Mphunzitsi wanzeru safunsa za nsima pa mayeso. Akafunsa, mwana alembe yankho lake pamodzi ndi chifukwa chake.

Chifukwacho ndicho chofunika kuti mwana wanu azolowere kulemba. Asamalembe kuti "n'chosabwezeka" kapena "n'chobwezeka" n'kuimira pomwepo. Alembe kuti palibe chinthu chatsopano chimene chapangidwa, kapena atchule chatsopanocho ngati chilipo. M'kope mwakemo asafufute lamulo lija, angolemba pambali pake kuti nthawi zambiri, osati nthawi zonse.

Loweruka likubwerali, chigayo chikapuma, yesani izi awirinu. Gulani kabotolo ka mankhwala a ayodini wa pabala ku famase, mudonthezere madontho angapo m'madzi pang'ono mpaka aoneke ngati tiyi wosalowerera. Ayodini akakumana ndi sitachi amasanduka wakuda mobiriwira ngati inki. Pa mbale yoyera ikani njere ya chimanga yoswa pakati, mgaiwa pang'ono, kambamu ka nsima, kachidutswa ka nthochi yaiwisi, kachidutswa ka nthochi yakupsa kwambiri yamawangamawanga, ndi phulusa loyera la ufa umene mwautentha mpaka kutheratu. Mwanayo ayambe walemba pa pepala zimene akuganiza kuti zidzada ndi zimene sizidzada, kenako adontheze pa chilichonse. Njere, mgaiwa, nsima ndi nthochi yaiwisi zidzada. Nthochi yakupsa idzangodera apo ndi apo kapena osada n'komwe, ndipo phulusa silidzaonetsa mtundu wa inki uja. Zimene zadonthezedwa ayodini musadye, musapatsenso nkhuku, ndipo kabotoloko mukasunge patali ndi ana aang'ono.